Mtsuko wa anganga ndi anankafumbwe a kwa Mpama

Loweruka lina kumayambiriro a Okutobala ndinalawirira, n'kumangirira paketi ya shuga ndi sopo kumbuyo kwa njinga, ulendo wa kwa anganga a mkazi wanga. Kunyumba ndinatsanzika kuti ndikukawazonda, koma mumtima ndinkadziwa kuti ndili ndi mlandu. Ndinkapita kukafunsa chinthu chimene ine, mphunzitsi wa zaulimi, ndinayenera kuchidziwa kalekale: kasungidwe ka mbewu ya nandolo kuti isafumbwe.

Kwathu ndi ku Dedza. Ntchito ndiyo inandibweretsa kwa T/A Mpama m'boma la Chiradzulu, ndipo banja ndinalipeza konkuno. Amene mumangodutsa pa minibasi mumsewu wa Limbe kupita ku Zomba mumaona phiri la Chiradzulu lili njo, mwina n'kumaganiza kuti kuseri kwake kuli malo ambiri. Tsikani mudzaone. Kuno anthu ndi ochuluka, minda ndi yaing'ono. Nyumba ikatha pamayamba munda, munda ukatha pamayamba manda, kenako nyumba ina. N'chifukwa chake mlimi wa kuno sadzala mbewu imodzi pamzere. Chimanga, nandolo, khobwe, maungu ndi chinangwa zimakhalira limodzi ngati ana a mayi mmodzi.

M'mawa umenewo minda inali gwaa. Mapesi anali atatha, ena atadyetsedwa ng'ombe za mkaka zimene zimakhala m'makola kuseri kwa nyumba zambiri. Ndinakumana ndi anyamata akuthamangitsa njinga, zigubu za mkaka zili lendelende. Chimene chinali chitatsala m'minda ndi mitengo ya nandolo, ina amayi akuidula kuti ikhale nkhuni. Amuna anali atayamba kugalauza, fumbi lofiira lili koboo. Pamakonde ena nandolo anali akadali pamphasa, ndipo pansi pa mtengo wa mango panali venda, sikelo yake yakoloweka panthambi.

Nandolo ndiye banki ya munthu wa kwa Mpama. Mu Juni ndi Julayi, chiperoni chikamawaza, ana amabwera kusukulu atatafuna makata a mthawajuni, nandolo wocha msanga amene anthu a kuno amamukonda. Wouma amapita kwa mavenda, kuchoka apo ku Limbe, ndipo wambiri amathera ku India. Dziko limenelo litachepetsa nandolo wolowa kuchokera kunja mu 2017, mitengo inagwa ndipo alimi analira. Mu 2021 maboma a Malawi ndi India anagwirizana zoti matani 50,000 azilowa chaka chilichonse kwa zaka zisanu. Koma mlimi wamba amadziwa chinthu chimodzi: pokolola mtengo umakhala wotsika, ndipo amene angathe kusunga miyezi ingapo ndiye amapindula. Ndaona ana ambiri akusowa m'kalasi chifukwa makolo anagulitsa msanga poopa anankafumbwe, ndalama n'kutha fizi ya teremu yachiwiri isanaperekedwe.

Mlandu wanga unali wotere. Chaka chatha apongozi anga anasankha ndowa ziwiri za nandolo wa mbewu ndi nzama pang'ono. Ankafuna kuzitengera kwa mayi awo, anganga aja, kuti akazisunge mwa masiku onse. Ine ndinaletsa. Ndinatuma mkazi wanga kukawauza kuti za phulusa ndi masamba zinatha, masiku ano kuli mankhwala. Ndinagula ufa woyera pamsika kwa munthu amene anaupungulira m'kajumbo kopanda dzina, akulumbira kuti ndi akiteliki weniweni, wotchipa chifukwa choti ndi wopima. Ndinathira, n'kusoka thumba, n'kuliika pakona m'nyumba mwanga.

Mvula itagunda kumapeto a Novembala tinamasula thumba lija. Munatuluka fungo ndi tizilombo touluka. Nandolo anali atabooka ngati sefa, ukamufinya n'kungoti fwaa. Apongozi sanayankhule kanthu, ndipo kukhala chete kwawoko kunandiwawa kuposa mawu. Ndinakongola ndalama n'kukagula nandolo wa pamsika, wosakanikirana mitundu, wina wocha msanga wina wochedwa. Nzama zija zinali za mtundu umene banjali lakhala likudzala kuyambira kale, ndipo zikanatheratu pakanapanda anganga, amene mwakachetechete anali atapatulako mbale ziwiri n'kuziika mumtsuko mwawo. Safunsa anadya phula.

Ndinafika dzuwa litakwera. Mudzi wawo uli m'munsi mwa kaphiri ka miyala, ndipo njira yomaliza ndinachita kukankha njinga. Ndinawapeza pakhonde akupeta.

"Odi, anganga!"

"Eee, amuna anga abwera! Lero mwakumbuka kuti muli ndi mkazi wamkulu kuno? Lowani, aphunzitsi. Kapena mwabweretsa mankhwala ena a m'kajumbo?"

Tinaseka tonse, koma ine manyazi anandigwira. Nditapereka moni ndi kathumba kaja ndinanena chimene ndadzera. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Ndiye vulani nsapatozo, mugwire munsi."

Asanandionetse mankhwala anayamba ndi nandolo mwini. Anatapa dzanja limodzi m'lichero n'kundiuza kuti ndiyang'anitsitse. Pa njere zina panali timadontho toyera, tating'ono ngati mchere. "Awa ndi mazira," anatero. "Nankafumbwe sachokera m'nyumba mokha ayi. Timabwera naye tokha kumunda." Apa anganga ndi buku langa anagwirizana. Kachilombo kamene kamaononga nandolo ndi khobwe ndi ka mtundu wina, kosiyana ndi nankafumbwe wa chimanga, ngakhale tonse timangotitchula dzina limodzi. Akatswiri amakatcha Callosobruchus. Kakakazi kamamata mazira pakhoko kapena panjere, makumi angapo, mwinanso kufika pafupifupi 100. Mphutsi ikaswa imaboola n'kulowa mkati, ndipo imadyera momwemo osaoneka. Kukamatentha ngati mu Okutobala, pamangopita masabata atatu kapena mwezi kuti ituluke ili yaikulu, n'kusiya kabowo kozungulira kaja. Ikatuluka imaikiranso mazira. Kuchokera mu Ogasiti kufika mu Disembala ndi mibadwo ingapo, ndipo thumba limene linalowa ndi tizilombo towerengeka limatuluka lili gaga.

Choncho ntchito yoyamba ndi dzuwa ndi lichero. Anganga amayanika mbewu masiku angapo pamphasa, akumapeta ndi kutola njere zonse zobooka, zamadontho ndi zofota. Kuti adziwe ngati yauma amaluma njere imodzi: iyenera kulira kuti khee, osati kuphwanyika mwakachetechete. Ine ndinawauza njira imene timaphunzitsa ana, yoika njere m'botolo louma pamodzi ndi mchere wouma n'kukhutchumula. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo ndiye kuti mbewu ikadali ndi chinyezi. Anati mano awo atatu otsalawo akadzatha adzayesa zimenezo.

Kenako ananditengera kuseri kwa khitchini. M'malire a munda wawo munali zitsamba zotalika kupitirira mutu wanga, za masamba aubweya otuwira kunsi kwake. Uyu ndiye ombwe, amene ena amati mthuthu, kumpoto amati mtetezga, m'mabuku Tephrosia vogelii. Anganga anati kale anyamata ankasinja masamba ake n'kuthira m'madziwe kuti nsomba ziyandame, khalidwe loononga limene lero ndi loletsedwa chifukwa limapha ndi tiana tomwe. Mphamvu yomweyo ndi imene imapha nankafumbwe.

Masamba amawathyola n'kuwayanika mkati mwa khitchini, pamthunzi. Ndinafunsa chifukwa chake. "Dzuwa limamwa ukali wake," anayankha. Apanso sanalakwe. Mankhwala amene ali m'masamba a ombwe, a m'gulu la rotenone, amatha mphamvu msanga akakhala padzuwa. Masamba ouma aja ndinawasinja ine mumtondo wakale umene sasinjiramo chakudya, nditamanga kansalu kumphuno monga anandilamulira. Tinasefa, n'kutsala ufa wobiriwira. Anatenga phulusa lozizira, losefa bwino, n'kusakaniza ndi ufa uja. Pa ndowa imodzi ya nandolo anathira manja awiri a ombwe ndi mbale yodzaza ya phulusa, n'kuvundula mpaka njere iliyonse itatuwa. Phulusa limatseka mipata ya pakati pa njere kuti kachilombo kasayende bwino, ndipo limakakanda khungu mpaka kuuma.

Zonsezi zinalowa mumtsuko umene anali atauotcha mkati ndi moto wa udzu. Pamwamba anathira phulusa lina, n'kuvundikira ndi phale, n'kumata ndi dothi. Mtsukowo anauika pamiyala itatu pakona yozizira, kutali ndi khoma. Pambali pake panali kamtsuko kena kakang'ono. "Aka sindidzala," anatero. "N'ka tsoka." Anandikumbutsa za namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, amene anapha anthu ndi kukokolola minda m'boma lino. Munda wawo wa kumtsinje unapita ndi madzi, khoma la khitchini linagwa, koma kamtsuko ka tsoka kanapulumuka, ndipo mbewu imene banja lonse linadzala chaka chotsatira inachokera mmenemo.

Tikudya nsima ya nandolo wa chipere kunabwera mayi wina woyandikana nawo. Atamva nkhani yathu anapukusa mutu. "Aphunzitsi, musanamizidwe. Ine ndinathira ombwe yemweyu m'khobwe wanga, koma anafumbwa yense. Anganga awa ali ndi kena kake kamene satiuza." Anganga anaseka n'kunena kuti, "Ombwe wako uja ndi wamkazi, sakwiya." Mayiyo anachoka akung'ung'udza, ndipo ndinaona kuti nkhani yotere ikhoza kubala mawu oipa pamudzi, poti nkhalamba ikapambana pamene ena alephera anthu sachedwa kuiloza chala.

Yankho lake ndinalipeza nditabwerera, nditafufuza pa intaneti ya pafoni. Mu 2012 akatswiri a ku Royal Botanic Gardens, Kew ndi a Natural Resources Institute ya ku University of Greenwich ku England, mogwirizana ndi anzawo a kuno ku Malawi, anafalitsa zimene anapeza atapima ombwe. Anapeza kuti chitsambachi chili m'magulu awiri ofanana maonekedwe koma osiyana mkati. Gulu loyamba lili ndi mankhwala opha tizilombo, monga deguelin, tephrosin ndi rotenone. Gulu lachiwiri lilibe. Atatenga masamba m'malo 13 m'Malawi muno, anapeza kuti pafupifupi chitsamba chimodzi mwa zinayi zilizonse chinali cha gulu lopanda mphamvulo. Anayesanso pa nankafumbwe wa khobwe, ndipo loyamba linapha pamene lachiwiri silinathandize kwenikweni. Magulu onsewa amabwezeretsa chonde m'nthaka, ndiye mlimi amene anadzala ombwe chifukwa cha nthaka sangadziwe kuti ali ndi uti. Mayi uja sananame, ndipo anganga alibe matsenga. Iwo akhala akutola njere za ombwe pa zitsamba zimene anaziona zikugwira ntchito, chaka ndi chaka, pamene mnzawoyo anangolandira mbewu kwa wina.

Apa ndi pamene ndinaona ntchito yanga. Lolemba lake ndinauza ana a Fomu 3 kuti aliyense abweretse botolo loyera la pulasitiki ndi nandolo wodzaza dzanja. Tinatola anankafumbwe amoyo m'thumba lofumbwa, n'kuika khumi m'botolo lililonse, n'kutseka ndi kansalu. Mabotolo ena tinathira ombwe wa anganga, ena ombwe wa mayi uja, ena phulusa lokha, ena osathira kanthu. Tinawandanda pawindo la ofesi, mbali yopanda dzuwa. Pakutha pa sabata ana anaona okha kuti m'mabotolo a ombwe wa anganga tizilombo tambiri tagona chagada, pamene mwa mayi uja tikuyendayenda ngati m'mabotolo opanda kanthu. Patapita mwezi ndi theka kusiyana kwa mabowo kunali koonekeratu. Mtsikana wina, amene sayankhula kawirikawiri m'kalasi, anafunsa ngati angatenge botolo lake kukaonetsa mayi ake. Ndinamulola, ndipo ndinatumiza njere za ombwe wa anganga kwa mayi woyandikana nawo uja.

Kuyesa kotereku mlimi aliyense angathe. Sikufuna labotale kapena ndalama. Musanaike mbewu ya chaka chonse m'manja mwa tsamba lililonse, liyeseni kaye m'kabotolo. Ndikanachita chimodzimodzi ndi ufa wa m'kajumbo uja, bwenzi apongozi anga asanataye mbewu.

Ombwe si yekha. Ku Chigwa cha Shire, ku Chikwawa ndi Nsanje, kuli nimu wambiri, ndipo njere zake zili ndi mankhwala otchedwa azadirachtin amene amaletsa tizilombo kudya ndi kukula bwino. Kuno kumtunda nimu ndi wosowa, ndipo ena amamusokoneza ndi mtengo wa indiya, umene zipatso zake ndi poizoni kwa anthu ndi ziweto. Palinso bwazi, umene mizu yake imanunkhira ngati mankhwala opaka pamene minofu ikuwawa. Umathamangitsa tizilombo, koma kukumba mizu kumapha mtengowo, ndipo m'dera lothithikana ngati lino tchire latsala lochepa. Ombwe ubwino wake ndi woti umadzalidwa m'malire a munda, umathyoledwa masamba okha, ndipo umasiya nthaka yabwino. Ngakhale mafuta ophikira amathandiza: supuni yaing'ono imodzi pa kilogalamu ya nyemba, yopakidwa bwino, imalepheretsa mazira kuswa.

Ndichenjeze pano, chifukwa anthu ena amaganiza kuti chilichonse chochokera kutchire n'chosaopsa. Chimene chimapha nsomba ndi nankafumbwe si ndiwo. Anganga amathira ombwe mu mbewu yodzala yokha. Nandolo wakudya amamusunga ndi phulusa, ndipo amapeta ndi kutsuka asanaphike. Posinja tsekani mphuno, sambani m'manja mukamaliza, ndipo ufawo ukhale kutali ndi ana. Zotsalira musataye m'chitsime, mumtsinje kapena m'damu la nsomba. Masamba a fodya, amene ena amathira m'nyemba, ali ndi poizoni wamphamvu ndipo sayenera kukhudzana ndi chakudya.

Sindikunyoza za masiku ano. Mankhwala enieni, ogulidwa m'sitolo yovomerezeka, ali m'paketi yake yolembedwa dzina, muyezo ndi tsiku lothera ntchito, amagwira. Bungwe la Pesticides Control Board, limene lili ku Bvumbwe, ndilo limavomereza mankhwala otere, ndipo ufa wopima m'kajumbo palibe amene angautsimikizire. Kulinso matumba a PICS, amene anachokera ku kafukufuku wa Purdue University ya ku America, ndipo poyamba anapangidwira khobwe. Ali ndi mapulasitiki awiri mkati ndi saka kunja. Mukamanga bwino mpweya sulowa, tizilombo timafa tokha popanda mankhwala. Nditawafotokozera anganga za matumbawa analoza mtsuko wawo womata uja n'kunena kuti, "Ndiye azunguwo anabwera kudzaonera kwa ine?" Amene angakwanitse thumba lotere agule, makamaka posunga nandolo wogulitsa. Koma mayi wamasiye amene ali ndi ndowa imodzi ya mbewu ndipo alibe ndalama mu Okutobala, phulusa ali nalo, dothi ali nalo, ndipo ombwe angadzale.

Chimene chimandidandaulitsa n'chakuti nzeruzi zikupita ndi eni ake. Mwa ana a m'kalasi mwanga, ochepa okha ndi amene ankadziwa ombwe ndi maso, ngakhale ambiri amadutsa pa zitsamba zake tsiku lililonse. Ife aphunzitsi timawalembetsa mayina a tizilombo m'Chingerezi kuti akakhoze mayeso a MSCE, koma sitiwatuma kukafunsa agogo awo. Alangizi a zaulimi ndi ochepa poyerekeza ndi midzi imene ayenera kuyendera. Bwanji sukulu iliyonse ya kumudzi itakhala ndi mzere wa ombwe woyesedwa kuseri kwa makalasi, kuti makolo azidzatengako njere? Kwathu tayamba. Tadzala mzere umodzi pafupi ndi dimba la sukulu, ndipo ana a Fomu 1 ndi amene akuuyang'anira.

Tsiku lija ndinachoka kwa anganga dzuwa litapendeka. Phiri la Chiradzulu linali litafiira ndi utsi wa moto wolusa, ndipo kutali kum'mawa Mulanje ankaoneka mwa apo ndi apo. Kumbuyo kwa njinga, pamene m'mawa panali shuga, panali kathumba ka njere za ombwe ndi mtsuko waung'ono wokulungidwa m'chitenje. Njira yonse ndinayenda pang'onopang'ono poopa kuuswa.

Tinaumatula mvula itagwa kachiwiri, apongozi ali pomwepo. Ndinathira nandolo m'lichero, mkazi wanga n'kupeta phulusa. Apongozi anatapa dzanja limodzi, n'kuyang'ana njere imodziimodzi, n'kuluma ina. Kenako anauza mwana wawo, mokweza kuti nanenso ndimve, "Uwauze bambo a kwanuwa kuti mawa alawirire. Tikayambire munda wa kumtunda."